Sitima yaikulu kapena yaing'ono? Ulendo wa banja m'mbali mwa nyanja ya Moçambique

Pakhomo pa nyanja ya Maputo, makilomita oposa 30 kum'mawa kwa mzindawo, pali kachilumba ka mchenga ndi zitsamba kotchedwa Ilha dos Portugueses. Palibe mudzi pamenepo ndipo palibe munda. Kale amalonda a Chipwitikizi ankakocheza ngalawa zawo pamalopo pofuna kugula minyanga ya njovu kwa eni dziko. Miyezi yambiri ya chaka kachilumbaka kamangokhala zii, eni ake ndi mbalame ndi nkhanu. Koma kuyambira mwezi wa Novembala kufikira cha mu Epulo, asodzi a pa Inhaca, chilumba choyandikana nako, amadzuka m'mawa wina n'kupeza chinyumba choyera cha nsanjika zoposa 10 chitaima pamadzi ngati phiri lomera usiku. Imeneyo ndi sitima ya alendo yochokera ku Durban. Dzuwa likamafika pamutu, mchenga uja wadzaza anthu, nyimbo zikulira, nyama ili pamoto. Pofika madzulo onse abwerera m'sitima.

Sitima zotere pa Chipwitikizi amazitcha cruzeiro. Ntchito yake si yonyamula anthu ndi katundu kuchoka pa doko lina kupita pa lina monga imachitira Ilala pa nyanja ya Niassa. Imanyamuka pa doko limodzi, n'kuzungulira masiku 3, 4 kapena sabata yathunthu, n'kubwerera pomwe idachokera. Munthu amagona momwemo, amadya momwemo, ndipo kumtunda amatsikirako maola owerengeka okha. Kale zimenezi zidali za azungu ndi anthu achuma. Masiku ano ena mwa ana a ku Angónia, Tsangano, Macanga, Milange ndi Mandimba amene akugwira ntchito ku Joni nawonso akukwera, zithunzi zikufika pa foni kumudzi, ndipo ena akuganiza zoitana makolo kuti akaone nyanja yamchere akadali ndi mphamvu.

Ulendo wotere wa banja lonse ungadye ndalama zokwana kufolera nyumba ndi malata kapena kugula feteleza wa nyengo yonse. Ndalama yobwera ndi thukuta siyenera kutayika kaamba ka chithunzi chokongola cha papepala. Tsono funso loyamba limene banja limakumana nalo ndi lakuti: likwere sitima yaikulu kapena yaing'ono? Yankho lagona pa zinthu ziwiri, chimene banjalo likufuna kukaona, ndi mphamvu za munthu wofooka kwambiri mwa onse amene akupita.

Kukula kwake

Amene adaonapo Ilala itaima pa Metangula kapena pa Likoma amadziwa kuti pa nyanja ya Niassa imeneyo ndi sitima yaikulu. Idapangidwa ku Scotland mu 1949, idayamba ntchito mu 1951, ndipo kutalika kwake ndi mamita 52. Tsono MSC Splendida, imene idanyamula alendo kuchokera ku Durban m'nyengo ya 2023 ndi 2024, ndi yotalika mamita 333. Ma Ilala 6 atandandalikidwa mphuno ndi mchira sangafike kumapeto kwake. Ikadzaza imatenga alendo oposa 4,000 ndi antchito oposa 1,300. Ndipo ilipo ina yoiposa: Icon of the Seas, imene idayamba kuyenda mu Januwale 2024 kuchokera ku Miami m'dziko la America, ndi ya mamita 365 ndipo ingathe kunyamula alendo 7,600.

Pali zapakatikati monga MSC Opera, ya mamita 275, yotenga alendo oposa 2,000, imene nayonso idayenda njira ya Durban ndi Moçambique kwa nyengo zingapo. Zing'onozing'ono ndi zija za alendo 100 kufikira 300, zimene zimangobwera mwa apo ndi apo kuchokera kutali, kudzera ku Zanzibar ndi ku Madagascar.

Kusiyana kwenikweni kuli pansi pa madzi, pamene maso saona. Thupi la sitima yaikulu limalowa m'madzi mamita oposa 8, motero imafuna doko lakuya ndi njira yotakata yotembenukira. La yaing'ono limalowa pafupifupi theka la pamenepo. Mamita amenewa ndiwo amalamula kumene sitima ingafike ndi kumene singafike, ndipo nkhani yonse ya kusankha imachokera pamenepa.

Poyambira pake, ku Durban

Ulendo wa sitima zazikulu umayambira ku Durban, m'chigawo cha KwaZulu-Natal, pa nyumba yokwerera yotchedwa Nelson Mandela Cruise Terminal, imene Pulezidenti Cyril Ramaphosa adaitsegulira mu Novembala 2023. Kwa banja lochokera ku Tete, kufika kumeneko ndi ulendo pawokha. Msewu wa Tete mpaka Maputo umapitirira makilomita 1,500, ndipo kuchokera ku Maputo munthu amawoloka mlatho wa Katembe, umene udatsegulidwa mu 2018, kulowera kumalire a Ponta do Ouro. Ndalama ya machimbombo, chakudya cha panjira ndi malo ogona iyenera kuwerengedwa limodzi ndi tikiti ya sitima.

Tsiku lokwera, anthu zikwi amaima pamzere umodzi ndi masutikesi awo. Sitima ikanyamuka ndiye kuti yatuluka m'dziko la South Africa, choncho aliyense, ngakhale mwana wa kumsana, amafunika pasipoti yakeyake. Apa ndi pamene ena amagwa m'mavuto. Nzika ya Moçambique imalowa ku South Africa popanda viza kwa masiku 30, malinga ndi pangano la maiko awiriwa la 2005. Amene adapyola masiku ake n'kumangokhala, amaonekera poyera pa tebulo la oona za anthu olowa ndi otuluka. Malamulo a dzikolo a 2014 amati wopyola ndi masiku osapitirira 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, ndipo wopyola kuposa pamenepo amaletsedwa kwa zaka 5. Bambo wotere mwina sadzaloledwa n'komwe kukwera, ndalama ya tikiti n'kupita pachabe, kapena adzatuluka n'kutsekeredwa kunja, ntchito ndi katundu zili m'kati. Vuto limeneli n'limodzi pa sitima yaikulu ndi yaing'ono yomwe.

Palinso malamulo ena amene banja liyenera kufunsa lisanapereke ndalama. Makampani ambiri salandira mayi amene pathupi pake pafika masabata 24, ndipo ambiri salandiranso khanda losakwana miyezi 6. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Usiku panyanja

Kuchokera ku Durban kufika pa Inhaca pali makilomita pafupifupi 500. M'mbali mwa KwaZulu-Natal madzi a nyanja amayenda ngati mtsinje waukulu wolowera kumwera, umene amalinyero amautcha Agulhas. Mphepo ikachokera kumwera n'kuwombana ndi madzi amenewa, mafunde amakula msanga. Anthu a ku Lago ndi ku Mecanhelas amadziwa zimene mwera amachita panyanja m'miyezi yozizira, ndipo amadziwanso kuti pa mwera womwewo bwato limavina pamene Ilala ikungogwedezeka pang'ono. Panyanja yamchere n'chimodzimodzi. Sitima yaikulu ndi yolemera, ndipo ili ndi zipsepse zachitsulo m'mbali, ngati za nsomba, zimene zimatuluka pansi pa madzi kuti isapendekeke kwambiri. Yaing'ono ingakhale nazo zipsepsezo, komabe funde limainyamula.

Nkhani iyi ndi yaikulu kwa agogo amene amachita mseru m'chapa panjira ya Ulónguè kupita ku Tete, ndi kwa mwana amene sanakwerepo chombo. Munthu wotere pa sitima yaing'ono angathe masiku onse ali gone m'chipinda, chakudya chimene adalipira osachilawa. Pa sitima iliyonse, zipinda zapakati ndi zam'munsi ndizo zimagwedezeka pang'ono, pamene zakutsogolo ndi zapamwamba zimapeleka chizungulire. Zipinda zotsika mtengo zilibe zenera, usana ndi usiku n'chimodzimodzi.

Nyengo ya sitimazi imagweranso m'miyezi ya anamondwe. Dineo adawomba chigawo cha Inhambane mu Febuluwale 2017, Idai adagwetsa Beira mu Malichi 2019, ndipo Freddy adalowa kawiri, mu Febuluwale ndi mu Malichi 2023. Kaputeni amakhala ndi nkhani ya nyengo masiku angapo namondwe asanafike, ndipo ali ndi mphamvu yosintha njira kapena kudumpha malo amene adalembedwa pa tikiti.

M'kati mwa sitima yaikulu

Sitima yaikulu ndi tauni yoyenda. Muli zikepe zokwera ndi kutsika ngati za m'migodi ya ku Joni, malo odyera angapo, maiwe osambiramo, holo ya magule ndi zisudzo, masitolo, kachipatala, ndi chipinda cha njuga chimene chimameza ndalama za abambo osadzigwira. Ana amagawidwa m'magulu monga mwa misinkhu yawo ndipo pali antchito owasewera nawo tsiku lonse. Kwa mayi amene chaka chonse ali pamoto, pachitsime ndi kumunda, masiku 4 osaphika, osatsuka mbale ndiponso osathamangitsana ndi ana ndi mpumulo weniweni. Chakudya cha m'malo odyera aakulu chimalipiridwa kale mu tikiti: mpunga, buledi, nyama, nsomba, ndiwo zamasamba ndi zipatso, munthu kudya mmene angathere. Wozolowera nsima tsiku ndi tsiku afunsiretu ngati ikakhalepo.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pamene pali anthu 4,000 pali mzere: mzere wa chakudya, mzere wa chikepe, mzere wa mpando wa pamthunzi. Phokoso silitha mpaka pakati pa usiku. Makonde onse ndi ofanana, zitseko mazanamazana za mtundu umodzi, ndipo mwana wa zaka 6 akangotembenukira kolakwika wasokera. Agogo a mawondo owawa angayende mamita 200 kuchoka kuchipinda kukafika podyera, katatu pa tsiku. Matenda nawo amayenda msanga pamene anthu apanikizana. Mu Febuluwale 2020 sitima ya Diamond Princess idatsekeredwa pa doko la Yokohama ku Japan ili ndi anthu 3,711, ndipo oposa 700 adagwidwa ndi Covid-19. Kusamba m'manja musanadye, kumene aphungu a zaumoyo amalalikira m'midzi nthawi ya kolera, m'sitima n'kofunika chimodzimodzi.

Potsika pake

Pa Ilha dos Portugueses palibe doko, ndipo madzi a m'mphepete ndi osaya. Sitima yaikulu imaponya nangula patali, alendo n'kumatengedwa ndi maboti ang'onoang'ono gulu ndi gulu. Amene adakwerapo Ilala m'zaka zimene inkaima pakati pa madzi pa Likoma ndi pa Chizumulu, anthu n'kumatsikira m'maboti ake ndi mitolo pamutu, akudziwa mmene zimakhalira. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno otsika ndi zikwi. Banja limene lachedwa kutenga nambala lingathe m'mawa wonse likudikira, ndipo masana liyenera kuyambanso mzere wobwerera. Mafunde akakula, kaputeni amaletsa kutsika, alendo n'kungochiona chilumbacho ali pakhonde la sitima, ndipo malamulo a tikiti amalola zimenezi. Kuchoka m'sitima kulowa m'boti lovina pafunika miyendo yolimba. Nkhalamba zina zimaona bwino kutsala.

Amene atsika amapeza mchenga woyera, madzi ofunda oonekera mpaka pansi, misasa yamthunzi ndi chakudya chimene antchito a sitima abweretsa. Amalonda a pa Inhaca amayala makapulana, ziboliboli ndi mikanda. Inhaca weniweni ali tsidya lina la kamtsinje ka nyanja. Kumeneko kumakhala anthu cha m'ma 6,000 olankhula Chironga, odalira usodzi ndi timinda ta chinangwa. Kuli nkhalango za mitengo yomera m'madzi amchere, miyala yamoyo ya pansi pa nyanja imene nsomba zamitundumitundu zimabisalamo, ndi malo ofufuzira zamoyo za m'nyanja amene adakhazikitsidwa mu 1951 ndipo ali m'manja mwa Universidade Eduardo Mondlane. Kuti mlendo wa sitima akafike kumeneko ayenera kulipiranso boti lina, ndipo nthawi imakhala yochepa. Ambiri amabwerera ku Durban ataona mchenga wokha. Agogo a ku Angónia angaime pa nthaka ya dziko lawo lomwe tsiku lonse, osamwa ngakhale madzi a pakhomo pa munthu.

Maulendo ena amapitirira kumpoto kukafika ku Pomene, m'boma la Massinga, chigawo cha Inhambane. Kumeneko lilime lalitali la mchenga limalekanitsa nyanja ndi thamanda labata, ndipo pamwamba pa miyala pali mabwinja a hotela ya nthawi ya atsamunda imene idasiyidwa cha m'ma 1970, mitengo itamera m'zipinda zake. Derali lidaikidwa kukhala malo otetezedwa mu 1964. Malo ndi okongola zedi, koma katsikidwe ndi komweko: nangula patali, maboti, mzere, ndi kudalira kuti nyanja yadzuka bwino.

Kumene yaing'ono imafika

Sitima yaing'ono imalowa m'malo amene yaikulu singayerekeze. Amodzi mwa malowo ndi Ilha de Moçambique, m'chigawo cha Nampula, chilumba chotalika makilomita 3 okha chimene chidapatsa dziko lonse dzina. Vasco da Gama adafikapo mu 1498 n'kupeza amalonda a Chiswahili ndi Aluya atakhazikika kale. Chidakhala likulu la atsamunda mpaka 1898, pamene likululo lidasamukira ku Lourenço Marques, Maputo wa lero. Kunsonga ya kumpoto kuli linga lalikulu la São Sebastião, ndipo kuseri kwake kuli katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte ka mu 1522. Theka lina la chilumba ndi nyumba zamiyala, theka lina ndi Macuti, kumene kumakhala anthu ambiri m'nyumba zothithikana. Amayi a kumeneko amadzola mussiro woyera kumaso ndipo amavina tufo atavala makapulana ofanana. Bungwe la UNESCO lidaika chilumbachi pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1991.

Kwa anthu a kumalire, malo amenewa ali ndi mbiri yowakhudza. Njira za amalonda a minyanga ndi akapolo zinkachokera kumbali ya nyanja ya Niassa kutsikira kugombe limeneli, ndipo ambiri amene adagwidwa m'midzi ya kumtunda adaona dziko lawo komaliza ali pamenepa. Pachilumbapo pali munda wa chikumbutso cha akapolowo. Mwana wa sukulu amene wayenda m'tinjira ta Ilha amabwerera ndi phunziro limene dziwe losambiramo la m'sitima silingamupatse.

Alendo 100 kapena 200 amatsika onse pa nthawi yochepa, amayenda m'magulu ang'onoang'ono ndi owaperekeza odziwa mbiri, ndipo tsiku lonse limathera kumtunda. M'sitima mulibe mzere, antchito amamudziwa aliyense ndi dzina, ndipo mwana sangasokere. Koma mulibenso zambiri zosangalatsa ana. Madzulo kumakhala maphunziro a za mbalame, nsomba ndi mbiri yakale, kawirikawiri m'Chingerezi kapena m'Chifalansa, ndipo okwera ambiri ndi achikulire okonda bata. Zina mwa sitimazi sizilandira n'komwe ana aang'ono. Maulendo ake ndi aatali, a sabata 2 kapena kuposa, ndipo nthawi zambiri amayambira pa doko lofuna ndege. Zilumba za Quirimbas ndi Ibo, kumpoto kwake, zimene zinkakoka sitima zotere, zidakhudzidwa ndi nkhondo ya ku Cabo Delgado imene idayamba mu Okutobala 2017.

Za ndalama

Ambiri amaganiza kuti chaching'ono ndicho chotsika mtengo. Panyanja n'zosiyana. Mafuta, kaputeni ndi amalinyero a sitima yaikulu amagawanidwa pakati pa anthu zikwi, monga mtengo wa lole umachepa pamene alimi ambiri asonkha kuti anyamule mbatata zawo limodzi. Pa yaing'ono mtolo womwewo umagwera anthu ochepa, motero usiku umodzi ungadule kangapo kuposa wa pa yaikulu. Pa zazikulu pamakhalanso nthawi imene ana ogona chipinda chimodzi ndi makolo amalipira msonkho wa doko wokha.

Komabe mtengo wolembedwa ndi zilembo zazikulu si womaliza. Pa sitima yaikulu, mowa, zoziziritsa kukhosi, zithunzi, intaneti, maulendo a kumtunda ndi kuonana ndi dokotala zimalipiridwa padera, ndipo pali ndalama ya antchito imene imawerengedwa pa munthu aliyense usiku uliwonse. Pa maulendo a ku Durban mitengo ya m'kati imakhala m'madola a ku America. Munthu sagwira ndalama m'manja, amangoonetsa khadi la chipinda, ngongole n'kumakula mwakachetechete ngati ya pagolosale, ndipo imaoneka yonse tsiku lomaliza. Bambo wanzeru amafunsa ngongole yake madzulo aliwonse ndipo amaletsa kuti makhadi a ana azigula zinthu. Pa yaing'ono zambiri mwa izi zimakhala zitalowa kale mu tikiti, n'chifukwa china chimene tikitiyo imaoneka yoopsa.

Ndalama zonsezi, zochepa zokha ndi zimene zimatsala m'manja mwa anthu a kugombe. Tikiti imalipiridwa kunja, chakudya chimakwezedwa ku Durban, ndipo wa pa Inhaca amapeza za kapulana, za boti ndi za ganyu wa tsiku limenelo. Mizinda ina idatopa nazo sitima zazikulu: mu 2021 boma la Italy lidaziletsa kulowa pakati pa mzinda wa Venice kaamba ka kuwononga kwake. Mlendo amene akufuna kuti ulendo wake upindulire eni malo agule kwa iwo mwachindunji ndipo asanenerere mtengo mpaka kumufinya wogulitsa.

Za ngozi

Makolo ambiri amafunsa kuti yotetezeka ndi iti. Mbiri ikuonetsa kuti kukula kokha sikupulumutsa. Pa 4 Ogasiti 1991 sitima ya Oceanos, yakale ndi yocheperapo, idamira pa namondwe m'mbali mwa Transkei ili paulendo wochokera ku East London kupita ku Durban. Kaputeni ndi ena mwa akuluakulu ake adachoka anthu ambiri akadali m'kati, ndipo oimba ndi osangalatsa alendo ndiwo adatsogolera ntchito yopulumutsa, mothandizidwa ndi ndege za helikoputala za asilikali ndi sitima zina. Anthu onse 571 adapulumuka. Pa 13 Januwale 2012 Costa Concordia, yatsopano ndi yaikulu, ya anthu oposa 4,000, idagunda mwala pafupi ndi chilumba cha Giglio ku Italy, ndipo anthu 32 adamwalira. Ngakhale pa nyanja ya Niassa, Vipya idamira mu Julaye 1946 ili yatsopano, n'kupha anthu 145.

Itachitika ngozi ya Concordia, malamulo a panyanja adakhwimitsidwa kuti alendo onse aphunzitsidwe za kapulumukidwe sitima isananyamuke kapena ikangonyamuka. Phunziro limenelo si lothawa. Banja lipite lonse, aliyense adziwe pamene pali jekete lake loyandamitsa ndi malo ake osonkhanirako belu likalira, ndipo ana ayende njirayo ndi makolo mpaka ailoweze. Pa za matenda, yaikulu ili ndi kachipatala kokwanirako, pamene yaing'ono ingakhale ndi dokotala mmodzi, kutali ndi chipatala chachikulu. Wodwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi anyamule mankhwala okwanira ndi opitirira masiku a ulendo.

Kusankha

Banja limene lili ndi ana aang'ono, achinyamata osakhazikika, mayi wofuna kupuma, kapena nkhalamba yoopa mafunde, ndiponso thumba lake n'lochepa, lipeza zambiri pa sitima yaikulu kapena yapakatikati. Lingodziwiratu kuti likupita kukaona sitima ndi nyanja, ndipo kumtunda n'kongowonjezera kumene mphepo ingathe kulanda. Yapakatikati, ya alendo cha m'ma 2,000, ili ndi zosangalatsa ana zokwanira, mizere yake ndi yaifupiko ndipo makonde ake satopetsa kwambiri. Banja la ana akuluakulu, olimba m'thupi, ofuna mbiri, matauni akale ndi kucheza ndi eni malo, lingakhutire ndi yaing'ono ngati lili ndi ndalama zake ndi masiku ake.

Ilipo njira yachitatu imene mapepala a makampani satchula. Nzika ya Moçambique yofuna kuona Inhaca ingakwere boti pa Maputo n'kufika m'maola 2 kapena 3, popanda pasipoti, kulipira mametikali, n'kugona pachilumbapo masiku amene ikufuna. Ilha de Moçambique ili makilomita pafupifupi 180 kuchokera ku Nampula ndipo idalumikizidwa ndi mtunda ndi mlatho wa makilomita oposa 3. Wa ku Mandimba angadzere ku Cuamba, wa ku Milange angadzere ku Mocuba, onse n'kukumana pa Nampula. Amene cholinga chake ndi kuonetsa ana dziko lawo angachite zimenezi ndi gawo lochepa la ndalama ya cruzeiro.

Mutu umodzi susenza denga, choncho nkhani iyi ikambidwe pabwalo la banja lonse mwana wa ku Joni asanatumize ndalama kwa ogulitsa matikiti. Afunsidwe agogo ngati mawondo awo angatsike m'boti, afunsidwe mayi ngati akufuna mpumulo kapena kuyenda, ziwerengedwe pasipoti ndi masiku ake, ndipo wogulitsa alembe papepala mtengo wonse pamodzi ndi misonkho ndi ndalama ya antchito. Ngati mmodzi mwa opita sangathe sitima imene enawo aikonda, isankhidwe ina imene iyeyo angathe.